Galimoto Yopanda Mapisitoni Pabwalo la Apongozi

Amakaniko a pa Songani mpaka lero amati ndinagula galimoto yosamaliza kupanga. Zinayamba tsiku limene ndinaiimika pansi pa mtengo wawo wa mango kuseri kwa msika n'kuwatsegulira boneti. Anasuzumira onse, mitu kugundana. Anafuna hedi, chivindikiro cha pamwamba pa mapisitoni, palibe. Anafuna mavavu, palibe. Wamkulu wawo anapukuta manja pa ovolosi n'kundiyang'ana ngati munthu woferedwa.

"Akulu, akuberani," anatero. "Muno mulibe pisitoni olo imodzi."

Ndinaseka mpaka kugwira nthiti, chifukwa chimene iye ankachiyesa umbava n'chimene ine ndinaigulira. Ntchito yanga ndi yokonza injini za zigayo ndi mapampu a madzi, kuyambira ku Naisi mpaka kutsidya kwa Domasi, ndipo mapisitoni ndawaona okwana pa moyo wanga. Amangokwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ngati minsi pamtondo. Injini iyi ndi ya mtundu wina, amaitcha lotale. M'kati mwake muli zitsulo ziwiri za nsonga zitatu, zoumbidwa ngati samusa, ndipo chilichonse chimazungulira m'chipinda chake chooneka ngati khoko la mtedza. Palibe chokwera, palibe chotsika. Yonseyo ndi yaing'ono, amuna awiri atha kuinyamula, koma mphamvu zake sizigwirizana ndi msinkhu wake.

Ndinaipeza ku Zomba, kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi wina wochokera kunja amene ankabwerera kwawo. Inali itakhala pa njerwa, matayala ataphwa, makoswe atamanga mudzi pansi pa mpando. Inali yofiira mozilala, ya mipando iwiri yokha, yogwada pansi, ndipo magetsi ake akutsogolo amatsinzina ndi kutsegula ngati maso. Ambiri anali ataiona n'kuithawa. Ine nditaiona, chakudya chinandikanika tsiku limenelo.

Tinaikokera kumudzi ndi thirakitala ya mnzanga. Ndikati kumudzi ndikunena kwa akazi anga. Ine kwathu ndi kufupi ndi Domasi Mission, ndinakulira m'kwaya ya kumeneko. Ndinakwatira mwana wa banja lachisilamu kumunsi kwa Songani, ndipo monga mwa mwambo wa kuno ndinanyamula chikwama changa n'kukamanga kwawo. Njerwa ndinawotcha ndine, malata ndinakhoma ndine, koma dothi limene nyumbayo yakhalapo ndi la apongozi anga aakazi. Bwalo ndi lawo, mitengo ndi yawo, mthunzi womwe ndi wawo.

Apongozi angawo ndi mayi aafupi, ogulitsa mpunga pa msika wa Songani, ndipo pamsika ponsepo palibe amene amawadutsa pakamwa. Ine ndi iwo sitiyang'anizana. Tikakumana m'njira ine ndimapatukira ku udzu, iwo amatembenukira kwina, moni timapatsana titafulatirana. Sikudana ayi, ndi ulemu umene mkamwini ndi apongozi amapatsana. Akakhala ndi mawu oti ndimve amauza mwana wawo, kapena amauza nkhuku ine ndili pafupi. Tsiku limene thirakitala inatula galimoto pabwalo, anauza nkhuku.

"Nkhuku inu, mwaona mwayi wanu? Kwina akagula galimoto amagula yonyamula mpunga. Kuno akugulirani khola lofiira loti muziikiramo mazira."

Sindingawanene kwambiri, chifukwa mudzi wonse unkaganiza chimodzimodzi. Kuno galimoto ikalowa m'mudzi ndi ya onse. Imanyamula wodwala, imanyamula mkwatibwi, imaperekeza maliro, imatuta matumba kumunda. Yanga ikananyamula wodwala, womudikira akanatsala. Thumba la mpunga silinkalowa. Pa mabampu a pa Songani inkadutsa chammbali ngati nkhanu kuopa kukhula mimba. Anaitcha galimoto ya munthu wodya yekha, ndipo dzina limenelo linkandipweteka kwambiri, chifukwa mjigo wa m'mudzimo ukafa ndimaukonza ine popanda wondipatsa ngakhale madzi akumwa.

Koma walira mvula walira matope. Ndinaigwirira ntchito madzulo ndi Loweruka lililonse, dzinja linabwera n'kupita, lina n'kubweranso. Ndinaimasula yonse n'kuyala zitsulo pa mphasa m'chipinda cha alendo, moti akazi anga anayamba kuuza abale kuti asabwere kudzagona. Pa nsonga za samusa zija pamakhala timano tachitsulo totseka mpweya, ndipo tanga tinali titatha. Tatsopano anandibweretsera msuweni wanga woyendetsa mathiraki a ku Joni, atatikulunga m'sokosi. Mabowo olowera mpweya ndinawakulitsa ndekha ndi kagalayindala kakang'ono, mtima uli m'mwamba, chifukwa dzanja likangopitirira pang'ono chipinda chonse chatayika, ndipo china sungachipeze m'dziko muno. Ladiyeta ndinaika ya lole yaing'ono, poti injiniyi imatentha ngati uvuni wa njerwa. Ekizozi yoyamba imene anandiwotcherera pa Songani inapsa n'kuboola sabata isanathe. Yachiwiri tinaipanga ndi paipi yochindikala ya mjigo wakale, ndipo ilipobe.

Injini imeneyi imadya oyilo mwadala, ndi mmene anaipangira. Ine ndinkathira oyilo pang'ono m'petulo momwemo, ngati mmene amachitira ocheka matabwa kuphiri ndi makina awo. Ndiye kumbuyo kunkatuluka kautsi kabuluu, ndipo aliyense wodutsa ankaima kundipatsa malangizo aulere akuti injini yatha, ndikagule malingi a mapisitoni. Ndinkangoti zikomo.

Tsiku limene inalira koyamba sindidzaliiwala. Ikangoima payokha siilira mosalala, imachita bra-bra-bra ngati yakwiya ndi winawake. Mbuzi ya apongozi inadula chingwe. Nditaponda pang'ono mawu anasalala n'kukwera, kukwerabe, mpaka pamene injini ina iliyonse ikanataya zitsulo, iyo ndi pamene inkayamba kusangalala. Nditachotsa phazi, kumbuyo kunatuluka lawi la moto ndi kuphulika kumodzi. Ndinakhala pampandopo ndikuseka ndekha, misozi ikutsika. Ukaipa dziwa nyimbo, amatero, ndipo galimoto yangayo nyimbo inkaidziwa.

Ili ndi lamulo limodzi lokha losaphwanyika. Ukaiyatsa ili yozizira, usaizimitse mpaka itatentha. Ukaizimitsa msanga, petulo amadzaza m'zipinda muja, amanyowetsa mapulagi n'kutsuka oyilo wa pa timano tija, ndipo ikatero siiliranso ngakhale uipemphe chogwada. Lamulo limeneli ndinauza akazi anga okha. Sindikanasonkhanitsa mudzi wa eni n'kumaika malamulo okhudza bwalo lawo, paja mkamwini asamakule mwendo. Makiyi ndinkangowapachika pa msomali kuseri kwa chitseko ngati wina aliyense.

Chigamulo chinabwera chaka chimene banja linkakonza sadaka ya apongozi anga aamuna, omwe anali atamwalira chaka chapitacho. Akazi anga anandipeza ndili pansi pa galimoto, anakhala pa chitsa n'kuyamba kuyankhula ndi mapazi anga.

"Bambo, amayi akuti sadaka ikatha galimotoyi ichoke pabwalo. Akuti aipirira mokwana."

"Yawalakwira chiyani?"

"Akuti imalira nthawi ya swala, iwo akupemphera. Akuti utsi wake umanunkha m'zovala. Komanso anzawo kumsika akuwaseka, akuti mkamwini wawo ali ndi galimoto koma iwo mpunga amakwezabe pa njinga."

Ndinaika sipanala pansi n'kuyamba kuganiza koipititsa. Kwathu kumishoni malo ndi a azichemwali anga, ndipo ndi opanikizika kale. Kukaisiya pa galaja ina kutawuni kunali kukaipereka kwa akuba zitsulo. Kuichotsa pabwalopo kunali kuigulitsa basi, panalibe njira ina. Ndinakwiya kwambiri, sindibisa, ndipo pakamwa panga panadzaza mawu. Koma kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Ndinangoti, "Kawauzeni kuti ndamva."

Masiku omwewo ndinamva za mpikisano. Anthu okonda magalimoto a ku Blantyre anali atabwereka msewu wa phula wa m'kati mwa esiteti ina kupitirira Thondwe, woti autseke tsiku limodzi. Magalimoto azithamanga awiriawiri pa msewu wowongoka, woluza atuluke, wopambana akumane ndi wopambana mnzake. Tsiku lake linali Loweruka, sadaka ili mawa lake Lamulungu. Ndinati mumtima, ngati ikupita, ipite itathamangapo kamodzi pakati pa anzake, anthu aone chimene ndakhala ndikuchita pabwalo la apongozi. Ndinalembetsa. Kenako ndinagwira ntchito zonse za mkamwini sabata yonseyo mofulumira, kuti pasadzakhale wonena kuti ndinathawa sadaka. Nkhuni ndinawaza mulu wofika m'chiuno, chisakasa cha alendo ndinazika ndi kufolera, migolo ya madzi ndinadzaza.

Lachisanu ndinalithera pa mzere wa petulo ku Zomba, poti nthawi imeneyo mafuta ankavuta. Ndinabwereka njinga yamoto, ndikadzaza thanki ndinkakatsitsira m'chigubu kwa mnzanga n'kubwereranso kumchira kwa mzere. Ndinafika kunyumba dzuwa likulowa, msana ukuwawa. Pabwalo ponse panali mphasa za mpunga wa sadaka umene apongozi ankayanika, ndipo galimoto inali itasunthidwa kufupi ndi nkhokwe. Ndinaganiza kuti aikankha ndi manja. Sindinafunse.

Loweruka m'mawa ndinathira petulo, ndinayang'ana madzi ndi matayala, ndinavala malaya anga oyera n'kukhala pampando. Nditapotoza kiyi, injini inazungulira mopepuka, mopanda chogwira, ngati chigayo chopanda chimanga. Kenako inazungulira mwaulesi, kenako tsi. Kununkha kwa petulo kunadzaza m'galimoto monse. Ndinadziwa pomwepo kuti wina anailiza n'kuizimitsa yozizira.

Akazi anga anatuluka atagwira pakamwa.

"Bambo, musakwiye. Dzulo ine ndinali kuchigayo. Amayi ankafuna bwalo, ndiye anatuma achimwene kuti aisunthe."

Achimwene awowo, alamu anga, amayendetsa minibasi ya Zomba ndi Liwonde, ndipo ndi dalaivala wabwino, sindingawanyoze. Anachita zimene dalaivala aliyense wa kuno akanachita. Anatenga kiyi pa msomali, analiza, anasuntha kamtunda kochoka pakati pa bwalo kufika pa nkhokwe, n'kuzimitsa. Ataona kuti yaima mopingasa anafuna kuiwongola, koma inakana kulira. Ndiye anachitanso zimene amachita minibasi ikavuta m'mawa, anapopa phazi pa mafuta kwinaku akupotoza kiyi, kupopa, kupotoza, mpaka batire linatopa. Iwo ankathira petulo pa injini imene inali itamira kale m'petulo. Atalephera anabweza kiyi pa msomali bwinobwino, ndipo m'bandakucha anali atapita kale ku ntchito.

Ndinafuna kukuwa. Koma ndikanakuwira ndani? Amene analamula ndi mwini bwalo, ndipo anali pomwepo, chakuseri kwa nkhokwe, akupeta mpunga ndi amayi ena amene anabwera kudzathandiza. Zipeto zonse zinali zitaima. Ndinavula malaya oyera aja, ndinawapinda, n'kutenga bokosi la zida.

Ndinamasula mapulagi onse anayi, akudontha petulo. Akazi anga anandibweretsera mbaula, ndinawayanika pamwamba pa makala patali ndi galimoto mpaka anayera. Ndinadula pampu ya mafuta, ndinazunguza injini ndi kamphamvu kotsala m'batire kuti ilavule petulo wa m'kati. Ndinathira oyilo pang'ono m'mabowo a mapulagi kuti timano tija tigwirenso. Nditabwezera zonse, batire linali litafa kotheratu. Panatsala njira imodzi, kuikankha kuti ilire pa giya. Koma kuchoka pabwalo pathu kufika pa msewu wafumbi wotsetsereka wopita kumtsinje pali kachitunda ka mchenga, ndipo amuna onse a m'mudzi anali atapita kukalambula kumanda ndi kukatenga ng'ombe ya sadaka. Dzuwa linali likukwera, ndipo kumpikisano wochedwa sankamudikira.

Ndinayesa ndekha ndi akazi anga. Galimoto inayenda pang'ono, inafika pa mchenga, n'kutibwerera. Tinayesanso, chimodzimodzi. Ndinatsamira chitseko ndikupuma ngati galu, ndipo ndinavomereza kuti zatha. Ndinali ndi chisoni chachikulu, chifukwa galimoto imene ndinaimanga ndi manja anga inali kudzagulitsidwa yosalira, ngati chitsulo cha pa sikelo.

Ndiye ndinamva apongozi akufunsa mwana wawo, mokweza ndithu kuti ndimve.

"Iwe, tandiuza zoona. Chimenechi chafa chifukwa cha dzulo lija?"

"Eya amayi. Siifuna kuzimitsidwa yozizira."

"Nanga bwanji sananene?"

"Akananena kwa ndani, amayi?"

Kenako ndinamva chipeto chikuikidwa pansi.

"Pabwalo panga sipafera chinthu cha munthu chifukwa cha mawu anga," anatero. "Azimayi inu, siyani mpungawo. Mwabwera kudzagwira ntchito, ntchito ndi iyi. Iwe, kawauze akhale m'katimo ayang'ane kutsogolo. Asacheuke."

Ndinalowa n'kuyang'ana kutsogolo monga analamulira. Pa galasi lapakati ndinangoona mipango ndi zitenje zikumangidwa m'chiuno, ndiye ndinalitembenuzira kumwamba kuti ndisaone nkhope yosayenera. Ndinamva manja ambiri akugwira galimoto, kumbuyo, m'mbali, padenga. Amayi amene amasenza matumba a mpunga ndi mitolo ya nkhuni kuyambira utsikana wawo sakankha ngati ife amuna, amene timayamba ndi kukangana kuti wina sakukankha. Galimoto inakwera kachitunda kaja ngati palibe mchenga. Mawu a apongozi ankamveka kumbuyo kwenikweni, pakati, akuwerengera anzawo mayendedwe ndi kudzudzula wina amene ankangogwira ndi zala.

Titafika potsetsereka anayamba kuthamanga nayo. Ndinaika giya yachiwiri n'kusiya kilatchi. Inatsokomola, inagwedezeka, n'kukhala chete. Ndinaponda kilatchi msanga kuti isaime.

"Musasiye! Musasiye!" anakuwa apongozi.

Ndinasiyanso kilatchi. Inatsokomola kawiri, inagwira mbali imodzi, kenako mbali inayo, ndipo inabangula. Utsi umene unatuluka kumbuyo sindinauonepo chiyambire, woyera, wochindikala, oyilo yense ndi petulo yense wa dzulo akupsa nthawi imodzi. Unakuta amayi onse aja, ndipo mphepo inautengera molunjika kubwalo kumene kunali mpunga wa sadaka pa mphasa. Ndinamva nthungululu zosakanizika ndi chifuwa, ndi mawu a apongozi akukuwa kuti wina athamange akaphimbe mpunga. Sindikanaima. Phazi likanachoka pa mafuta ikanazimanso, ndipo batire linalibe kanthu. Ndinangopita, osathokoza, osatsanzika, nditasiya apongozi anga m'utsi pakati pa msewu. Pofika pa phula ndinadziuza kuti ngati panali kamwayi kena koti galimoto ikhale, ndakawotcha ndekha.

Ndinafika ku esiteti kuja akuitana kale mayina. Anzanga a mpikisano anabwera ndi magalimoto onyezimira, ena atawakweza pa ngolo, ali ndi matenti ndi mabokosi a zakumwa zozizira. Ine ndinafika ndi vesti ya oyilo, poti malaya oyera aja anatsala pa nkhokwe, ndipo padenga, m'mbali ndi kumbuyo konse panali zidindo za manja za fumbi la mpunga. Sindinazipukute. Sindinazimitsenso injini mpaka batire litadzaza. Achinyamata angapo anabwera kudzaizungulira, ndipo mmodzi atamva kaliridwe kake anaitana anzake mofuula kuti abwere adzaone lotale. Kanali koyamba m'moyo wanga kuti munthu aidziwe galimoto yanga ndisanaifotokoze.

Oyamba kukumana nawo ndinawadutsa mosavuta, ndipo sindinganame kuti ndinawamvera chisoni. Pomaliza tinatsala awiri, ine ndi bambo wina wamalonda wa ku Blantyre, wa galimoto yakuda ya ku Jeremani, yaikulu, injini yake yodzaza boneti yonse. Anandipatsa moni waulemu, kenako anayang'ana ekizozi yanga n'kufunsa ngati ili paipi ya mjigo. Ndinati inde, ndipo madzi inkatulutsa abwino.

Mbendera itagwa iye anachoka ngati mwala wa pa legeni. Lotale ili ndi chofooka chake, poyambira ilibe mphamvu, imafuna izungulire kaye. Ndinaona magetsi ake akumbuyo akundisiya, ndipo ndinamva anthu akukuwa. Sindinachite phuma. Ndinaisiya giya yoyamba ikwere mpaka kabelu kochenjeza kanalira, ndinaponya yachiwiri, inakweranso, ndipo mpata unasiya kukula. Pa yachitatu mawu a injini anasanduka kamluzu kosalala kamene ndinkakamva m'maganizo nthawi yonse imene ndinkapala mabowo aja m'chipinda cha alendo. Ndinafika pa tayala lake lakumbuyo. Ndinafika pa chitseko chake. Ndinamuona akucheukira kwa ine, ndipo pamzere womaliza mphuno yanga yofiira inali patsogolo. Nditachotsa phazi, kumbuyo kunaphulika moto ndipo khamu lonse linadzuka. Ndinakuwa ndekha m'galimotomo mpaka mawu anasasa. Chinthu chimene ndinachitola pa njerwa, chimene Songani yonse inkachiseka, chinali chitagonjetsa magalimoto onse a tsiku limenelo.

Anandipatsa chikho chachitsulo chonyezimira. Ndisanachigwire bwino, bambo wa galimoto yakuda uja anabwera kudzandigwira chanza, ndipo anafunsa ngati ndingaigulitse. Ankaifunadi, ndinaona m'maso mwake, ndipo anali munthu woti akanaisamala. Chimwemwe chonse chinanditsika mpaka kumapazi. Ndinamuuza kuti ikusowa pokhala, abwere adzaitenge mawa madzulo, n'kumulongosolera njira.

Kunyumba ndinafika dzuwa likupendeka. Ng'ombe inali itafika, amuna anali atabwerera, ndipo alamu anga atandiona anazimiririka kuseri kwa chisakasa. Ndinaimika galimoto kutali ndi mphasa. Chikho ndinapatsa akazi anga kuti akaonetse amayi awo, pamodzi ndi kupepesa kwanga pa za utsi. Anapita nacho, anabwerako chimanjamanja.

"Ati chiyani?"

"Angochitenga n'kulowa nacho m'nyumba mwawo."

"Nanga mpunga?"

"Mphasa ziwiri zikununkha. Ati zimenezo tidya ife apabanja, alendo ayi."

Lamulungu ndinapita ku mapemphero a m'mawa kumishoni n'kubwerera msanga kudzathandiza. Anthu anadzaza bwalo, ashehe anawerenga, alendo anadya. Ine ntchito yanga inali kuseri kwa mpanda wa udzu, kuwaza nkhuni zotsala ndi kutungira madzi otsukira mbale. Ndili komweko ndinamva galimoto ikuima kumsewu, ndipo posuzumira pa mpata wa mpanda ndinaona yakuda ija. Bambo uja anabwera msanga kuposa mmene tinapanganirana, ndi mnzake woti ayendetse inayo pobwerera. Ataona khamu anazindikira kuti afika pamwambo, ndiye anachita mwaulemu, anapempha kuti apereke kaye moni kwa mwini khomo. Anawatengera kwa apongozi, amene anakhala pa mkeka ndi azichemwali awo ndi akuluakulu a mbumba, mbali inayo ya mpanda umene ine ndinaima. Sindikanatulukira pamenepo. Ndinangoima ndi nkhwangwa m'manja, kumvetsera.

Anawapatsa madzi osamba m'manja, anawapatsa mpunga ndi nyama, ndipo atadya ndi pamene apongozi anafunsa chimene abwerera. Bambo uja anafotokoza kuti adzatenga galimoto yofiira, anagwirizana ndi mwini wake dzulo.

"Mwini wake uti?" anafunsa apongozi.

"Bambo amene anaiyendetsa dzulo aja, amayi."

"Iwo anayendetsa, eya. Nanga anakuuzani kuti inalira bwanji? Taonani mapewa angawa, usiku wonse ndimathowa ndi madzi otentha. Awa ali apawa ndi achemwali anga, bondo latupa. Awo chitenje chinang'ambika. Ife tinalima nawo munda umenewu, bambo, ndiye wina sangagulitse zokolola osatifunsa."

Amayi aja anavomereza onse pamodzi, ena akuseka. Bambo uja anayesa kunena kuti anamva zoti galimotoyo ikusowa pokhala.

"Ikusowa pokhala? Bwalo lonseli simukuliona? Amene ananena zimenezo ndi ine, ndipo amene ndikubweza ndi ine. Inu a ku Blantyre munabwera ndi magalimoto anu a ndalama, munagonja kwa galimoto ya pakhomo pano, yokankhidwa ndi azimayi. Lero mukufuna muitenge kuti mawa muzikati ndi yanu? Idyani mpunga, mupume, muzipita bwino. Mwana wanga anaipanga yekha galimoto imene ija, ndi manja ake, ine ndikuona. Siichoka pano."

Ana aamuna a apongozi anga onse anali pabwalo pomwepo, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anagwirapo sipanala pa galimoto ija. Zinanditengera kanthawi kuti ndimve kuti mwana amene akunenedwayo ndi ndani. Ndinali nditakhala pamudzipo zaka zambiri, ndili ndi ana akuluakulu, ndipo dzina langa pakamwa pawo linali alendo athu kapena bambo a ana aja. Ndinaika nkhwangwa pansi n'kukhala pa chipika. Akazi anga anandipeza pomwepo atabwera kudzatenga madzi, anandiyang'ana kumaso, ndipo anatenga ndowa n'kubwerera kubwalo.